Mita Yanu Yanzeru Inaneneza Ketulo Yathu

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Ntchito Yoika Mamita Anzeru,
Ku likulu lanu, kumene ndamva kuti magetsi sazima.

Bwana,

Amene anandilakwira ndi azakhali anga, Hajja Nabawiya, mlongo wamkulu wa bambo anga, amene amakhala pansi pathu, pawindo loyang'ana kumsewu, kuseri kwa siteshoni kuno ku Damanhour. Ndayamba ndi dzina lawo kuti mtima wanu ukhale pansi, mungaganize kuti ndabwera kudzalimbana ndi inu. Ine ndingalimbane bwanji ndi munthu amene chithunzi chake chili pa chikwangwani chachikulu cha pamsika, akumwetulira, atanyamula babu ngati khanda? Sukulu ndinalekezera ku sekondale, ndipo ndimagulitsa mipango m'sitolo ya eni ake. Ine ndabwera kudzathokoza basi. Pakamwa pa azakhali pakhala pali pomwepo kuyambira ndisanabadwe, chimene ankasowa ndi umboni. Inu munawapatsa umboniwo, ulere, pafoni.

Nyumba yathu ndi yosanja kawiri. Pansi pali azakhaliwo, pamwamba pali ine ndi bambo anga, Gaballah, amene anapuma ntchito ku njanji. Mayi anatisiya ndili wamng'ono. Ndili pa chitomero ndi mnyamata wina wokonza mafiriji, dzina lake Medhat, ndipo zibangili zagolide zimene kwawo anandiveka zili pamkono pano pamene ndikulemba. Kuti zikadali pamkono si chifukwa cha inu ayi, koma tifika kumeneko.

Choyamba, ndikuthokoza kuti munatichotsera a Shehata.

A Shehata ndi mkulu amene ankayenda khomo ndi khomo kuwerenga mita yakale ija. Anali munthu wachikale kwabasi. Asanakwere masitepe ankayamba watsokomola kaye, kenako n'kufuula kuti, "Odi kumtundako, magetsi!" kuti amayi aponye mpango kumutu, abambo abise chimene akufuna kubisa. Taonani kutaya nthawi kwakeko. Akalowa ankayang'ana mita yokha, ngati m'nyumbamo mulibe china chilichonse, ngakhale muli mbale zosatsuka kapena anthu awiri osayankhulana. Akatuluka, azakhali ankawakola pawindo n'kuwafunsa kuti kumtunda kuli bwanji. Iwo ankangoti, "Kuli magetsi, Hajja." Munthu wotere sangapititse dziko patsogolo. Mita yanu yatsopano sitsokomola, sinena odi, siphethira. Inalowa m'nyumba mwathu kamodzi ndipo sinatulukenso.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha lamulo lanu loti mita iliyonse ikhale ndi nambala ya foni ya munthu wamoyo.

Mamita a mumsewu mwathu onse ali m'maina a anthu akufa. Athu awiri ali m'dzina la agogo anga aamuna, amene anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo sanaphonyepo kulipira. Tsiku limene anthu anu anabwera ndi makwerero awo, ine ndinali ku sitolo, bambo anali ku mzikiti. Anthu anuwo anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Wamkulu pano ndani?" Bwana, funso limenelo mukalifunsa m'nyumba iliyonse ya m'dziko lino, amene amayankha si wamkulu ayi, ndi amene ali pafupi ndi windo. Azakhali anapereka nambala yawo pa mita yapansi, n'kuperekanso yomweyo pa mita yapamwamba, ati kuti asawavutitse ana a eni kulemba manambala awiri.

Ndinakumvani pa wailesi yakanema mukufotokoza mfundo yake ya ntchitoyi, kuti nzika iliyonse idziwe mmene magetsi akuyendera m'nyumba, ola ndi ola. Mawu okoma. Kwathu kuno zinatheka ndithu, nzika inadziwa. Kungoti nzika imene inadziwayo si imene imakhala m'nyumbamo.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ndikugwada, ndikuthokoza chifukwa cha timauthenga tanu taulemu tija.

Munali mkatikati mwa Ramadani. Tinaitana Medhat ndi mayi ake, Hajja Etemad, kuti adzamasule nafe kusala. Inu mukudziwa kuti mtsikana wa pa chitomero tsiku limeneli saphikira njala, amaphikira mayeso. Ndinaotcha bakha, ndinaphika msuzi wamasamba wa molokhiya, keke ya kunafa ndinapanga ndekha osagula. Kuitana kwa swala, pemphero la kumzikiti, kutamveka tinadya zipatso za tende, tinamwa madzi, ndipo Amake Medhat atalawa msuzi anagwedeza mutu kawiri. Mayi ameneyo akagwedeza mutu kawiri ndiye kuti wapereka mendulo.

Apo ndi pamene azakhali anatulutsa foni.

"Nesma mwana wanga," anatero, mawu ali ofewa ngati thonje, "iwe ndiwe wopita kusukulu. Tandiwerengera kauthenga aka, maso angawa anatha."

Maso omwewo amaona mtundu wa sokosi za munthu ali kutsidya kwa njanji. Koma ine, pofuna kuoneka mwana waulemu pamaso pa apongozi, ndinalandira foniyo ndi manja awiri n'kuwerenga mokweza, mwa mawu anga a kusekondale:

"Wokondedwa kasitomala wa mita yapamwamba, taona kuti tsiku lililonse, dzuwa lili pamutu, mumawiritsa madzi pa ketulo. Kodi mukudziwa kuti kuthira madzi a tambula imodzi yokha kumapulumutsa magetsi? Tikufunirani Ramadani yabwino."

Bwana, kunja kunkaphulika tizimoto ta ana, koma patebulo pathu mukanamva ntchentche ikupuma.

"Akuti tambula imodzi yokha," anatero azakhali, akudzipepesera ndi mpango. "Ndiye kuti panopa zimakhala zingati?"

M'Ramadani sitolo yathu imatsegulidwa madzulo, ndiye masana ndimakhala pakhomo. M'nyumba yapamwamba timakhala anthu awiri. Winayo ndi bambo anga, munthu amene anayamba kusala asanagweruke mano, amene chaka chilichonse dzuwa likamalowa amaima pa mphambano ya kusiteshoni ndi thireyi ya tende, kugawira oyendetsa galimoto amene nthawi yomasula yawapeza panjira. Palibe akanawaganizira. Maso onse anabwera kwa ine.

Amake Medhat anayesa kundiponyera chingwe. Ananong'ona kuti, "Mwina ndi masiku aja a ife akazi, Hajja."

"Inenso ndinatero, m'bale wanga," anayankha azakhali. "Koma ndabwerera m'mbuyo mauthenga onse kuyambira pamene mwezi unaoneka. Masiku amenewo akatalika chonchi, ndiye timuperekeze kuchipatala mwanayu."

Tsopano ndikuuzeni zimene mita yanu, ndi nzeru zake zonse, sinathe kudziwa. Bambo anga ali ndi matenda a shuga. Dokotala anawaletsa kusala atakomoka pamasitepe chaka chatha. Shehe wa mzikiti wathu anawauza kuti Mulungu safuna mtembo, adyetse osauka m'malo mwake, ndipo amadyetsadi. Koma bambo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Izi zithere m'nyumba muno, Nesma. Ndikaima bwanji ndi thireyi pa mphambano, anthu akudziwa kuti m'mimba mwanga muli tiyi?" Ndiye masana alionse ndinkatseka mawindo, n'kuwawiritsira madzi, n'kuwapatsa mankhwala ndi kachidutswa ka buledi. Ankadya atatembenukira kukhoma ngati mwana wolangidwa.

Patebulo paja ndinawayang'ana. Anali atagwira supuni m'mwamba, osaikweza, osaitsitsa. Ndiye ndinaika foni pansi n'kunena kuti, "Ndine. Ndimamva ludzu."

Medhat, amene anandilumbirira pa mlatho kuti adzandiimira pamaso pa dziko lonse, anayang'ana mwendo wa bakha m'mbale mwake ngati palembedwa nkhani yofunika. Zimenezo ndikambirana naye ndekha, ndipo ndili ndi moyo wonse wochitira zimenezo.

Chachinayi, ndikuthokoza chifukwa cha liwiro. Munalonjeza kuti ndi mamita anzeru nkhani ziziyenda msanga, ndipo simuname.

Kutacha, wogulitsa buledi anandifunsa kuti, "Masupuni angati a shuga, mlongo?" Akazi a pa khonde la moyang'anana nafe ankati ndikamadutsa amayamba kulira ngati ketulo ikuwira. Mwini sitolo anachotsa botolo la madzi limene limakhala kuseri kwa kauntala, ati kuti lisandiyese. Dzina langa linasanduka Nesma Ketulo, ndipo m'dera lathu dzina lotere limakuperekeza mpaka ku manda, adzukulu ako n'kulitenga.

Sabata isanathe, Amake Medhat anabwera masana. Anabwera okha, atavala zakuda zopitira ku maliro ndi ku banki, atanyamula kachikwama kopanda kanthu. Mkazi aliyense wa kuno amadziwa ntchito ya kachikwama kopanda kanthu pa nyumba ya chitomero: kamabwera kopepuka, kamabwerera ndi zibangili. Azakhali, amene mawondo awo sawalola kukwera masitepe tikamatsuka makapeti, tsiku limenelo anafika pamwamba mlendo asanavule nsapato.

"Mwana wanga, ine ndimakukonda," anayamba choncho Amake Medhat, ndipo ndinadziwa kuti zatha. "Kumwa madzi si kupha munthu. Koma mwezi wonse? Ndiye ana a Medhat adzaphunzira kwa ndani? Anthu akundifunsa kumsika, ndikusowa poyang'ana."

Ndinayamba kuvula chibangili choyamba. Chinakakamira pa fupa la dzanja, ndinkachipotokola. Bambo anadzuka pampando n'kulowa kukhitchini. Tonse tinamva kabatani ka ketulo kakuti thapu. Tinamva madzi akuyamba kung'ung'udza, kenako kuwira. Anatuluka ndi tambula ya tiyi ndi timapiritsi tawo m'dzanja, anakhala pakati pathu, mawindo ali chitsegukire, dzuwa lili pamutu. Anatchula dzina la Mulungu n'kumwa.

Anaika tambula patebulo.

"Dokotala anandiletsa," anatero. "Shehe anandilola. Amene anakana ndi manyazi anga okha. Mwanayu sanalawe kanthu masana chiyambire mwezi uno. Nesma, bweza chibangilicho pamalo pake."

Nthawi yomweyo, Bwana, ndipo Mulungu ndi mboni yanga, foni ya azakhali inalira. Sanandipemphe kuti ndiwawerengere ulendo uno, koma ndinawalanda n'kuwerenga ndekha: "Wokondedwa kasitomala, taona kuti lero mwathira madzi ochepa. Mwachita bwino, pitirizani!"

Amake Medhat anayang'anitsitsa bambo. Kenako anatsamira kutsogolo.

"Bambo a Nesma, shuga wanuyo m'mawa amafika pati?"

Bambo anatchula.

"Aa, ndinu mwana inu. Wanga akakwera dokotala amaitana anzake kudzaona." Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Ine chaka chino ndi chachitatu ndisakusala. Koma inunso, munthu wamkulu, wogwira ntchito ku njanji, mungawiritse pa ketulo ya magetsi m'Ramadani? Gasi mulibe? Gasi alibe pakamwa!"

Kenako anatseka kachikwama kaja n'kufunsa ngati m'ketulomo mwatsala madzi. Munalibe, Bwana, chifukwa bambo anatsatira malangizo anu n'kuthira a tambula imodzi yokha. Ndinawiritsa ena pa gasi.

Azakhali anatsika masitepe pang'onopang'ono, mawondo atayambiranso kuwawa. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Ine ndimangowerenga zimene aboma alemba." Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo ndakusunga pamalo abwino.

Mwina mukuti nkhani inatha bwino, ndiye mtsikanayu akulira chiyani. Zibangili zilipo, ukwati ulipo. Koma madzulo a tsiku limenelo bambo sanapite pa mphambano. Thireyi inakhala pamwamba pa firiji mpaka Idi. Ankati bondo likuwawa. Oyendetsa galimoto ankaima pamalo paja, kuyang'ana uku ndi uku, n'kumapita. Ine ndinkawaona bambo ataima kuseri kwa katani nthawi yomasula ikamayandikira, akuyang'ana kumeneko. Za dzina la Ketulo ndikhoza kuseka, ndipo ndayamba kale kuliyankha. Za katani ija sindinapeze poseka.

Kalata ino ndawawerengera bambo ndisanatumize. Akuti lemba, anthu akudziwa kale, koma usaiwale kuwauza abwanawo kuti tiyiyo anali wopanda shuga.

Chachisanu ndi chachifupi. Nkhani yathu itamveka, msewu wonse unabwerera ku gasi. Maketulo analowa m'makabati, ena anakulungidwa m'matawulo ngati angamve. Sindikunena kuti nyumba iliyonse inali ndi chobisa, ndikungonena kuti wogulitsa gasi, amene amadutsa akumenya silinda ndi sipanala, wagula ngolo yatsopano ndipo akuti ndikupatsireni moni. Idi itadutsa munatumiza uthenga kwa onse woyamikira dera lathu chifukwa chochepetsa magetsi a masana kuposa madera ena. Ndamva kuti mukufuna kutitcha dera lachitsanzo. Tikulandira ulemuwo modzichepetsa.

Tsopano ndifike pa chimene ndagwadira.

Ukwati wathu uli pambuyo pa Idi yaikulu. Nyumba imene Medhat wakonza ili pamwamba pa mayi ake, monga zimakhalira. Makabati alowa, makatani ndasoka, firiji ndi yabwino kuposa ya wina aliyense chifukwa ndiyo ntchito yake. Pakhomo pali mita yanu yatsopano, kagetsi kake kofiira kakuyaka osaphethira. Ndinafunsa Medhat kuti anthu anu atabwera anapeza ndani. Anayang'ana pansi. Ndinafunsa kuti anafunsa funso lanji. Anati, "Anafunsa kuti wamkulu pano ndani."

Musandimve molakwa, Amake Medhat ndi ine tsopano timagwirizana, timamwera tiyi pa gasi mmodzi. Koma inu Bwana ndinu wokwatira, ndinaona mphete pa chikwangwani paja. Mukudziwa tanthauzo lake mkwatibwi akayatsa chotenthetsera madzi osamba swala ya m'bandakucha isanakwane. Mukudziwanso tanthauzo lake akapanda kuyatsa sabata yathunthu. Mayi amene akudikira mdzukulu, mukamupatsa nkhani zimenezo ola ndi ola pafoni, ndi kauthenga kolimbikitsa pamapeto kakuti mwachita bwino pitirizani, mwamupatsa ntchito ya moyo wake wonse. Ndamuuza Medhat kuti masitepe amenewo sindikwera mpaka mauthenga a mita imeneyo azibwera pa foni yanga. Akuganiza kuti ndikuseka. Anthu amene anaganizapo choncho alipo angapo, mukhoza kuwafunsa.

Ndinapita ku ofesi yanu ya m'tauni. Munthu wa pawindo, atamaliza kudya mtedza wake, anandiuza kuti nambala amasintha ndi mwini mita yekha, abwere ndi chiphaso. Ndinati mwini mita ndi bambo a Medhat, ndipo anamwalira kalekale. Anati, "Mulungu awachitire chifundo. Akabwera adzafikire pawindo lino." Nditamuyang'ana mmene ndimayang'anira kasitomala wofuna kubweza mpango atauvala kale ku ukwati, anafewa n'kunena kuti mwana wamwamuna wa malemuyo akhoza kubwera, bola abwere ndi chilolezo cha amene nambala yake ili pamitapo. Ndiye kuti Medhat apite kwa mayi ake akawauze kuti, amayi, mkazi wanga sakufuna kuti muzidziwa. Bwana, munthu uja ndinamuona ndi mwendo wa bakha. Tidzakalamba tili pa chitomero.

Choncho ndikupempha, ndi ulemu wonse umene mtsikana wa kusekondale angakwanitse:

Kuti mulole mauthenga a mita azipita kwa munthu amene amayatsa ndi kuzimitsa m'nyumbamo, ngakhale munthuyo ndi mkazi, ngakhale ndi wamng'ono, ngakhale sakhala pawindo.

Zimenezo zikakhala zovuta kwa akatswiri anu, muiphunzitseko mita yanuyo kutsokomola pamasitepe. A Shehata akadali moyo, amakhala pa benchi ya kusiteshoni alibe chochita, akhoza kuiphunzitsa masana amodzi.

Zonsezi zikakanika, ndili ndi kapempho kamodzi kotsiriza, kakang'ono, kosafuna msonkhano. Mita yapansi pa nyumba yathu, ya azakhali anga Hajja Nabawiya, mauthenga ake muziwatumiza pa nambala yanga. Iwo gasi amamuopa, akuti amaphulika, ndiye chilichonse amaphika pa kambaula ka magetsi. Ndipo m'Ramadani yapitayi, masana ena, nditatseka mawindo kuti bambo amwe mankhwala, kafungo ka khofi kankakwera kuchokera pansi. Nditafunsa anandiuza kuti ndi ka kwa a Girgis, aneba athu achikhristu. A Girgis anasamukira ku Alexandria ine ndili ku pulayimale.

Sindidzauza munthu aliyense, Bwana. Ndidzangodikira tsiku limene adzaitane alendo awo olemekezeka, tikadya tende, tikamwa madzi, ndiye ndidzatulutsa foni n'kunena kuti maso anga atopa, andiwerengereko. Ramadani ikubweranso chaka chamawa, ndipo kudikira ndimakutha.

Ndanena zonse zimene ndinali nazo. Nkhani imeneyi sindidzaitchulanso, kaya kwa inu, kaya kwa Medhat, kaya kwa azakhali, ndipo aliyense wondifunsa ndizimuuza kuti kumtunda kuli magetsi.

Ine wanu wogwada pansi pa mita yanu,

Nesma Gaballah,
amene mumsewu amamutcha Ketulo,
nyumba yapamwamba, kuseri kwa siteshoni.
Nambala yanga ya foni ndailemba kuseri kwa pepalali, ndi zilembo zazikulu.